Pikapu, Katundu ndi Mtsetse: Kusankha Mapadi ndi Madisiki a Mabuleki

[Nyimbo yotsegulira pulogalamu. Itsike pang'onopang'ono.]

 Pulogalamuyi ndi ya inu amene mumadyera pa pikapu: inu onyamula chimanga ndi feteleza, inu a mabelo a fodya, inu a njerwa ndi mchenga, inu a matola, komanso inu amayi amene munagula Hilux kapena Isuzu kuti izithandiza pa bizinesi koma woyendetsa ndi wina. Lero tili pa mabuleki: mapadi, madisiki, mafuta ake, ndi chisamaliro china chimene galimoto yogwira ntchito yolemetsa imafuna. Ngati makanika wanu ali pafupi, muitaneni timvere limodzi.

Buleki ikagwira, liwiro lija limapita kuti? Limasanduka kutentha. Wakabaza aliyense amadziwa zimenezi: akatsetsereka ulendo wautali atanyamula munthu, buleki ali chifinyire, limu imatentha moti sangaikhudze, ndipo labala ija imayamba kuterera. Pa pikapu zimachitika ndi zomwezo, kungoti moto wake ndi waukulu.

Tamvani kukula kwake. Pikapu yolemera matani atatu pamodzi ndi katundu, ikamathamanga makilomita 80 pa ola n'kuimitsidwa kamodzi kokha, kutentha kotuluka m'mabuleki n'kokwanira kuwiritsa malita awiri a madzi ozizira, ndipo kumatuluka m'masekondi ochepa chabe. Kuchoka pa liwiro la 40 kufika pa 80, kutenthako sikuchuluka kawiri ayi, kumachuluka kanayi. Tsono taganizirani msewu wa Blantyre kupita ku Chikwawa. Kuchokera kumtunda kukafika m'chigwa cha Shire mumatsika mamita pafupifupi 900. Kutsitsa matani atatu pa mtsetse wotere ndi ntchito yofanana ndi kuimitsa galimoto ija kuchoka pa 80 maulendo oposa 30 motsatizana. Mphepo ndi matayala zimachotsako pang'ono, koma injini mukapanda kuipatsa gawo lake, zotsala zonse zimathera pa mapadi anayi akutsogolo ndi mashu anayi akumbuyo. N'chimodzimodzi pa Chiweta, pa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, ngakhale potsika phiri la Zomba.

Ndiye mukamasankha mapadi, musawayese ndi mmene akugwirira m'tauni galimoto ili yopanda kanthu. Pamenepo ngakhale mapadi achabechabe amagwira. Muziganiza za pokhota pomaliza pa mtsetse, kumbuyo kuli matumba, zitsulo zili juu.

Mapikapu ambiri amene tili nawo, monga Toyota Hilux, Isuzu KB ndi D-Max, Nissan Hardbody, Mitsubishi L200 ndi ma Ford Ranger ambiri, ali ndi madisiki kutsogolo ndi madiramu kumbuyo. Mukaponda buleki, kulemera kwa galimoto kumathamangira kutsogolo, choncho ntchito yaikulu imagwa pa mapadi akutsogolo. N'chifukwa chake amatha msanga kuposa mashu akumbuyo.

Mukalowa m'sitolo ya masipeya, mapadi mudzawapeza a mitundu itatu. Pali amene amati organic, opangidwa ndi ulusi, labala ndi zomatira. Ndi ofewa, salira, sadya disiki, ndipo mtengo wake ndi wotsika, koma amatha msanga ndipo moto ukakula amafooka. Pali a ceramic, amene achinyamata amawakonda chifukwa satulutsa fumbi lakuda lodetsa malimu, salira, ndipo amakhalitsa pa galimoto yoyenda m'tauni. Ndiye pali a semi-metallic, osakanizidwa ndi tizidutswa ta chitsulo. Amenewa amadetsa malimu, nthawi zina amalira m'mawa kukazizira, ndipo amadya disiki mofulumirirapo. Koma amapirira kutentha, ndipo amagwirabe pamene ena atopa.

Maganizo anga ndi awa. Ngati pikapu yanu ndi yopitira ku ofesi ndi kutchalitchi, a ceramic abwino akukwanirani. Koma ngati imanyamula, imakoka ngolo, kapena imatsika mapiri ndi anthu kumbuyo, gulani a semi-metallic a kampani yodziwika, kapena omwe aja amene anabwera ndi galimotoyo kuchokera ku fakitale. Fumbi la pa limu limachoka ndi madzi ndi sopo. Musasinthanitse mphamvu ya buleki ndi kuwala kwa limu.

Mtundu wa padi si vuto lalikulu kwenikweni. Vuto ndi zachinyengo. Mumafika pa kauntala, wogulitsa n'kukuuzani kuti, "Abwana, ilipo ya orijino, iliponso yotsikirapo, koma zonse n'zimodzi." Achimwene, si zimodzi. Mayina ngati Ferodo, Bendix, Akebono, Bosch ndi TRW ndi a makampani enieni opanga mabuleki, ndipo chifukwa cha kutchuka komweko, akathyali amasindikiza makatoni ofanana nawo n'kuikamo zinthu zosadziwika kumene zachokera. Tsegulani katoni musanalipire. Chitsulo chakumbuyo kwa padi chikhale chokhuthala, chosapindika, chodulidwa mosalala, ndipo pakhale manambala osindikizidwa bwino. Onani pamene mbali yokhuza disiki yamatidwa ku chitsulocho: pasakhale mpata kapena mng'alu. Mapadi ambiri abwino amakhala ndi chizindikiro cha chilembo E mkati mwa kabwalo, motsatana ndi 90R. Chimenechi chimasonyeza kuti anayesedwa motsata lamulo lotchedwa R90, limene limafuna kuti padi yolowa m'malo isasiyane ndi ya ku fakitale kupitirira 15 pa 100 m'kagwiridwe kake. Chizindikiro nachonso amatha kubera, ndiye gulani kwa munthu amene ali ndi sitolo yokhazikika, wopereka lisiti, amene mawa mukhoza kumupezanso. Mtengo ukatsika mopitirira muyezo, dabwani.

Ponena za mapadi ogwiritsidwa kale ntchito, kapena aja amene wina wamatapo chinthu china pa chitsulo chakale ndi guluu, ndikupemphani ndi mtima wonse: asiyeni. Guluu ameneyo akatentha amalekerera, ndipo mbali yogwira ija imachoka yonse nthawi imodzi.

Potuluka m'nyumba kukagula, tengani nambala ya chasisi, ndipo ngati n'kotheka tenganinso padi yakale. Kungonena kuti "ya Hilux" sikukwanira. Hilux yakhala ikupangidwa kuyambira 1968, ndipo lero ina imachokera ku Durban, ina ku Thailand. Mapadi amasiyana malinga ndi chaka, injini, ndiponso ngati galimotoyo ndi yokoka matayala awiri kapena onse anayi.

Nanga asinthidwe liti? Padi yatsopano imakhala yokhuthala mamilimita 10 mpaka 12, osawerengera chitsulo chakumbuyo. Ikafika pa mamilimita atatu, nthawi yakwana. Mapadi ambiri ali ndi kachitsulo kamene kamayamba kukhudza disiki n'kumalira tswii padi ikatsala pang'ono kutha. Kulira kumeneko kunaikidwa dala kuti kukuchenjezeni. Mukakunyalanyaza, chotsatira ndi phokoso la chitsulo pa chitsulo, ndipo pamenepo ndalama ya disiki yalowanso. Poyang'ana, musakhutire ndi padi yakunja imene ikuoneka pa limu. Chotsani tayala muone yamkati. Mukapeza imodzi yatha ina ikadali yonenepa, ndiye kuti timapini timene caliper, chitsulo chopanikiza mapadi pa disiki, imaseserekerapo tauma, kapena pisitoni yagwira dzimbiri. Kuika mapadi atsopano osakonza pamenepo n'kutaya ndalama. Ndipo mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, kumanja ndi kumanzere. Mukasintha mbali imodzi, galimoto imakokera kumbali mukaponda mwadzidzidzi.

[Nyimbo pang'ono.]

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za mabuleki a pikapu, ndipo tafika pa disiki.

Disiki ya pikapu ndi chitsulo cholemera chochita kuumba, ndipo yakutsogolo imakhala ndi mipata pakati kuti mphepo izidutsa n'kumaiziziritsa. Ntchito yake ndi iwiri: kupereka malo oti padi igwire, ndi kumeza kutentha kuja n'kukutaya mumphepo. Ntchito yachiwiriyi ndi imene anthu amaiwala. Disiki ikamaperepeseka, chitsulo chomeza moto chimachepa, imatentha msanga, ndipo imatha kung'aluka. Pachifukwa chimenechi, opanga amadinda pa disiki iliyonse malemba akuti MIN TH ndi nambala ya mamilimita. Nambala imeneyo ndi malire. Disiki ikapyapyala kuposa pamenepo, yatha, ngakhale ikuoneka yosalala bwanji. Makanika ayeze ndi chida choyezera, osati ndi chala, ndipo ayeze pakati pamene padi imadutsa, chifukwa m'mphepete mumatsala mlomo wonyenga.

Kupalitsa disiki pa makina, kumene amakanika amati kusikima, si kolakwika. Ngati disiki ili ndi mizere kapena yadyeka mosafanana, ndipo ikapalidwa ikhalabe pamwamba pa malire aja, ipalitseni. Koma ngati kupalako kuifikitsa pa malire, kapena mukuona ming'alu yolowera m'mphepete, gulani ina. Madisiki nawonso amasinthidwa awiriawiri.

Chiwongolero chikamanjenjemera poponda buleki, anthu amathamangira kunena kuti disiki yapindika. Nthawi zambiri chiyambi chake n'china. Mwina disiki inamangidwa pa habu ya dzimbiri kapena ya dothi, n'kukhala mopendekeka pang'ono. Kupendekeka kochepa kwambiri, kosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, n'kokwanira kuti pakapita miyezi disiki idyeke mbali imodzi. Mwina manati a tayala anamangidwa ndi mpaipi wautali, munthu atakwerapo ndi mapazi, lina lothina kwambiri lina lolekerera. Manati amafunika kumangidwa modumphitsa, ili kenako la kutsidya kwake, ndi sipanala yoyeza mphamvu, pa mlingo umene buku la galimotoyo likunena. Mwinanso dalaivala anatsika phiri mabuleki ali moto, n'kuima pansi phazi lili chipondere. Padi yotentha ikakanikizidwa malo amodzi imasiya chidindo pa disiki, ndipo kunjenjemera kumayambira pomwepo.

Alipo madisiki ena oboolaboola amene amaoneka okongola kuseri kwa limu. Pa pikapu yonyamula katundu sindikuwalimbikitsa. Mabowo aja ndi pamene ming'alu imayambira moto ukachuluka, ndipo m'misewu yathu yafumbi ndi matope amangodzaza dothi. Disiki wamba yosalala, ya kampani yodalirika, ndi imene ikuyenera ntchito yanu.

Mawu pang'ono kwa inu amisiri ndi inu okonza nokha pakhomo. Galimoto isakhale pa jeke yokha kapena pa njerwa. Ikani zochirikiza zachitsulo pamalo olimba. Caliper musaisiye ikulendewera pa paipi yake ya labala, imangirireni ndi waya. Fumbi la mabuleki musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompulesa: mapadi ndi mashu akale ankapangidwa ndi asbestos, amene fumbi lake limawononga mapapo mpaka kuyambitsa khansa, ndipo simungadziwe zimene zili m'mapadi otchipa. Linyowetseni n'kupukuta. Disiki yatsopano imabwera itapakidwa mafuta oteteza dzimbiri. Atsukeni onse musanaimange. Pa timapini tija pakani girizi wa mabuleki, chifukwa girizi wamba amatupitsa malabala. Mukamaliza kumanga, musanasunthe galimoto, popani buleki kangapo mpaka ilimbe, poti pisitoni munaibweza mkati ndipo kuponda koyamba kumangopita pansi. Kenako pezani msewu wopanda anthu, muthamange kufika pa 60, muponde mwachikatikati mpaka liwiro litsike kufika pa 10, osaimiratu. Bwerezani kasanu ndi katatu kapena kakhumi, ndiye muyende pang'ono kuti zizizire. Pamenepo padi ndi disiki zazolowerana. Makilomita 200 oyamba, pewani katundu wolemera ndi kuponda mwankhanza ngati palibe choopsa.

Tsopano mafuta a mabuleki, amene ambiri amangowonjezera chaka ndi chaka osawasintha. Buleki imafooka m'njira ziwiri, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa. Njira yoyamba, pedulo imakhala yolimba, mukuponda ndi mphamvu zonse, koma galimoto ikungopitabe, ndipo mukumva fungo la chinthu chopserera. Amenewo ndi mapadi apsa. Njira yachiwiri, pedulo imafewa n'kumira mpaka pansi. Pamenepo mafuta awira. Madzimadzi sapanikizika, n'chifukwa chake amatha kunyamula mphamvu ya phazi lanu kukafika ku tayala. Koma akawira amatulutsa nthunzi, ndipo nthunzi imangofinyika osakankha kanthu.

Mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. A DOT 3 akakhala atsopano amayenera kupirira mpaka madigiri 205, koma akayamwa madzi osakwana magawo anayi pa 100 alionse, malire ake amatsika kufika pa 140. A DOT 4 amachoka pa 230 kufika pa 155. Mukuona kusiyana kwake? Galimoto yomweyo, phiri lomwelo, koma mafuta a zaka zisanu amawira pamene atsopano akanapirira. Asintheni onse zaka ziwiri zilizonse, ndi kuchotsa mpweya m'mapaipi. Pa chivindikiro cha kabotolo kake palembedwa mtundu woyenera. A DOT 5 ndi a mtundu wina, sasakanizidwa ndi enawa. Gulani botolo lomata, osati otsanulidwa m'chigubu chimene chakhala chotsegula. Ndipo mukaona mafuta atsika m'kabotolo, musathamangire kudzaza. Funsani kaye kuti apita kuti: mwina mapadi atha, mwina penapake pakudontha. Yang'anani kuseri kwa matayala akumbuyo. Pakanyowa, ndiye kuti silinda ya m'diramu ikutaya.

Madiramuwo ndi amene amaiwalika kwambiri chifukwa zonse zili mkati, sizioneka. Koma pikapu ikadzaza, matayala akumbuyo amakhala ndi ntchito yambiri. Mashu akatalikirana ndi diramu, pedulo imapita patali, handibuleki imakwera mpaka kumwamba, ndipo mapadi akutsogolo amasenza ntchito ya awiri. Atseguleni makamaka dzinja likatha, muchotse matope ndi mchenga. Mapikapu akale opanda ABS ali ndi kavalavu kumbuyo kolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo. Galimoto ikatitimira ndi katundu, kavalavu kameneka kamawonjezera mphamvu ya buleki kumbuyo. Ikakhala yopanda kanthu, kamachepetsa kuti matayala asakhukhuluzike. Tsono ambiri amawonjezera masipuling'i kuti galimoto izinyamula zambiri isakutitimira. Mukatero osakonzanso kandodo kaja, kavalavu kamaona ngati galimoto ilibe katundu pamene yadzaza, ndipo mabuleki akumbuyo amagwira mofooka nthawi imene akufunika kwambiri. Ena amangokadula n'kumanga ndi waya. Muuzeni makanika wanu akayang'ane.

Masipuling'i owonjezera sakulitsa mabuleki. Pikapu imene timati ya tani imodzi inapangidwira matumba pafupifupi 20 a makilogalamu 50, ndipo anthu okwera amawerengedwa momwemo. Ya zitseko zinayi nthawi zambiri imanyamula zocheperapo.

Inu madalaivala, pali chizolowezi china chimene ndikufuna tichisiye: kuika galimoto pa free potsetsereka pofuna kupulumutsa mafuta. Ndikudziwa mmene dizilo akuwawira m'thumba. Koma injini zamakono zoyendetsedwa ndi kompyuta zimadula mafuta zokha mukachotsa phazi galimoto ili m'giya. Pa free m'pamene injini imafuna mafuta kuti isazime. Ndiye palibe chimene mwapulumutsa, koma moto wonse wa phiri mwautula pa mapadi. Kuzimitsa injini ndiye koopsa koposa: chothandizira buleki chimadalira injini, mukaponda kawiri kapena katatu mphamvu yake yatha, chiwongolero nacho n'kuuma. Lowani giya yotsika, yamphamvu, musanayambe kutsika, yomwe mukanakwerera phiri lomwelo. Ya otomatiki, ikani pa 2 kapena L. Pondani buleki mwamphamvu pang'ono kwa kanthawi, liwiro likatsika chotsani phazi kuti zitsulo zipume, m'malo mokhuza pedulo njira yonse. Mukamva fungo kapena pedulo ikasintha, imani pamalo abwino, ikani m'giya, tsekerani mwala ku tayala, mudikire. Musathire madzi pa disiki yotentha, imatha kung'aluka.

[Nyimbo pang'ono.]

M'mphindi zatsalazi, tidutse mwachangu pa chisamaliro china. Buku la galimoto likhoza kunena kuti oyilo asinthidwe pa makilomita 10,000, koma mabuku omwewo amafupikitsa mtundawo kwa galimoto yoyenda m'fumbi, yonyamula kapena yokoka. Kwa ambiri a ife, makilomita 5,000 ndiye mlingo wabwino, pamodzi ndi fyuluta yake. Fyuluta ya mpweya muziyang'ana pafupipafupi m'chilimwe. Ya dizilo ili ndi pokhetsera madzi pansi pake, ndipo getsi lake likayaka, khetsani tsiku lomwelo, chifukwa madzi amawononga pampu ndi ma injector, zinthu zodula kwambiri pa injini zamakono. Ma Hilux a injini za 1KD ndi 2KD, amene timawatcha D-4D, ali ndi lamba wa taimingi wofunika kusintha pa makilomita 150,000. Akaduka galimoto ikuyenda, injini imawonongeka. Shafuti ya pansi imafuna girizi, ndipo mukawoloka madzi akuya onani oyilo wa m'difu: akayera ngati mkaka, madzi alowa.

Matayala ndiwo amamaliza ntchito imene mabuleki ayamba. Mapadi abwino pa tayala lakutha sangakuimitseni mvula ikamagwa. Mizere ya tayala isatsike kupitirira mamilimita 1.6, ndipo pa galimoto ya katundu ndi bwino kusintha isanafike pamenepo. Pogula, werengani manambala anayi omaliza pambali pa malemba akuti DOT: mukaona 2321, ndiye kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2021. Labala amakalamba ngakhale mizere ikadalipo. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, motsata kapepala kamene kamamatidwa pa chitseko cha dalaivala. Kamapereka mlingo wina wa galimoto yopanda kanthu, wina wa yodzaza.

Pepala la COF, losonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, limanena za mmene galimoto inalili tsiku limene inayesedwa. Masiku enawo woyesa ndinu. Sungani kakope m'galimoto, muzilembamo tsiku ndi makilomita nthawi iliyonse mwasintha oyilo, mapadi kapena mafuta a mabuleki. Inu eni ake amene simuyendetsa nokha, kakope kameneka muzikapempha mwezi ukatha, ndipo dalaivala akakuuzani kuti buleki yayamba kupita patali, galimotoyo ipite ku galaja isananyamule katundu wina.

Nthawi yatithera. Sabata yamawa tidzakambirana za kamangidwe ka katundu ndi kakokedwe ka ngolo. 

[Nyimbo yotsekera.]